Musamuthandize, Bambo

Ndinaweruka ku ulonda kukali chisisira,
chiperoni chikunyambita minda ya tiyi,
amake a Yankho atabereka kale dengu.
Masamba sadikira, kapitawo ndiye nkosayamba.
"Mupite naye ndinu," anatero. "Kalata ija ili pansi pa wailesi."

Ndinamukweza pa kaliyala, nsapato zake m'jumbo kuopa matope,
ulendo wa kuchipatala cha pa Chonde.
Pachigayo a Mukhova anandikuwira:
"Achimwene, a ku yunivesitewo si opopa magazi aja?"
Ndinaseka mokweza.
Koma phazi linaphonya pedulo.

Pabenchi panali amayi khumi ndi mmodzi, kenako ine.
Mtsikana wa baji pachifuwa, Esinala Namagowa,
anasuzumira kumbuyo kwanga, kufuna mayi wa mwana.
"Lero mayi ndine," ndinatero.
Anandiwerengera pepala lonse, osadumpha mzere:
palibe jakisoni, palibe magazi,
mukafuna kusiyira panjira, palibe mlandu.
Ndinasaina dzina lonse, ndi la bambo anga lomwe,
kuti aone kuti sukulu ndinaipondako.

M'chipindamo munali mkeka, timatabwa tofiira, makapu atatu,
ndi kamera yoima pakona
ngati mlonda mnzanga, koma uyu sasinza.
"Musamuthandize, bambo," anatero Esinala.
"Ingokhalani pomwe angakuoneni."

Inu, ndakhalapo usiku wonse mvula ili pamsana,
ndathamangitsapo akuba nkhuni ndi tochi yopanda mabatire,
koma ntchito yokhalira manja ako omwe,
mwana wako akusanja timatabwa mokhota,
sindinaigwirepo.
Kachitatu kanakhala. Kachinayi kanapendama.
Kachisanu, gwe!
Pakhosi panga panatuluka kaphokoso, ndinakasandutsa chifuwa.

Anatsegula buku la zithunzi. "Ichi ndi chiyani?"
Yankho, dzina lake lomwelo, anangoti duu.
Ambulera, duu. Nsomba, duu.
Pa tsamba la galu nkhope inawala:
"Zilikwanu!"
Ndi dzina la galu wathu, wa khutu limodzi.
Cholembera chinaima m'mwamba.
Ndinaona kuti pa fomupo palibe kabokosi ka Zilikwanu.
Esinala anamwetulira, nalemba cham'mbali, timalemba tating'ono.

Pomaliza anaika bisiketi pambale.
"Ukadikira mpaka ndibwere, ndikupatsa ziwiri."
Chitseko chinatsekeka.
Mwana anayang'ana bisiketi, anayang'ana ine,
ine ndinayang'ana malata.
Sanadikire ayi.
Anainyema pakati, theka m'kamwa,
theka m'thumba la diresi, nagwirapo ndi dzanja
ngati munthu wasunga malipiro a pa wiki.

Panja ndinafunsa monong'ona, "Wakhoza?"
"Si mayeso, bambo. Ophunzira ndife.
Ana mazana angapo akutiuza mmene mutu umakulira."
Ndinavomera ndi mutu, ngakhale mumtima ndinkafunabe malikisi.
Anatipatsa sopo, ya thiransipoti, ndi tsiku lobweranso
miyezi isanu ndi umodzi ikatha.

Pobwerera mitambo inali itavula phiri mpaka m'chiuno.
Uja anali duu anayamba kulongolola pa kaliyala:
mbuzi, lole, nanazi, agogo awo avala buluu,
mawu omwe anawamana kamera
ankangowataya mumsewu ngati chimanga cha m'thumba lobooka.
Ndinafuna kubwerera, kukagogoda: bwerani mudzalembe izi!

Madzulo amake atatula dengu, zala zitada ndi utomoni,
Yankho anapisa m'thumba
natulutsa nyenyeswa zonyowa, nawaikira m'dzanja.
Sindikudziwa ngati kamera inaona theka limene lija,
kapena ngati ku yunivesite kuli nambala yake.

Usiku uno ndili pageti la fakitale.
Ndatola timiyala, ndikusanja pa benchi, tochi ili m'kamwa.
Kachinayi kakupendama.
Palibe wondithandiza, ndipo ndazindikira
kuti nanenso ndikupuma mosamala, monga ankapumira iye.